Nyimbo imodzi m'zipinda zonse: zoyenera kudziwa musanagule masipika a Wi-Fi

Ndalama za kachewere, soya ndi fodya zikalowa m'thumba, mabanja ambiri ku Angónia ndi ku Tsangano amagula sola, batire ndi wailesi. Masiku ano ena akufuna zoposa pamenepo: kuti nyimbo kapena nkhani zizimveka nthawi imodzi pabalaza, kukhitchini ndi kukagolosale ka kumsewu, zonse akuziyendetsa ndi foni imodzi. N'zotheka ndithu, koma si sipika iliyonse yopanda waya imene ingachite zimenezi, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatayikira.

Masipika ambiri amene mumawaona pamsika wa Ulónguè kapena ku Lizulu ndi a Bluetooth. Bluetooth imalumikiza foni ndi sipika imodzi, pamtunda wa mamita pafupifupi 10, ndipo khoma likakhala pakati mtundawo umachepa. Nyimbo imachokera mufoni momwemo, choncho mwini foni akanyamuka kupita kudimba nyimbo imaduka, wina akamuimbira imaimanso. Alipo ena otha kulumikizana awiriawiri, koma amafuna akhale a kampani imodzi ndiponso ayandikane.

Zipangizo zoimba m'zipinda zambiri zimayendera Wi-Fi. Pakati pa zonse pamakhala rauta, kabokosi komwaza netiweki pakhomo. Chipinda chilichonse chimakhala ndi choimbira chake. Chikhoza kukhala sipika yokhala kale ndi Wi-Fi m'kati, monga za kampani ya Sonos ya ku America, kapena kabokosi kakang'ono ngati WiiM Mini kamene mumalumikiza ndi waya ku ampulifaya imene muli nayo kale. Pa zambiri mwa zimenezi foni imangokhala ngati rimoti: imauza choimbira nyimbo yoti chitenge, icho n'kumaikoka chokha kudzera pa rauta. Mukhoza kuchoka ndi foni yanu nyimbo n'kumapitirira.

Chimene mukulipira kwenikweni ndi kuyendera limodzi kwa mawu. Tayesani kutsegula wailesi ya pa intaneti pa mafoni awiri, mumva ina ikutsalira ndi masekondi angapo, chifukwa foni iliyonse imayamba yasunga kachidutswa ka mawu isanayambe kulira. Mutaima pakhonde pakati pa masipika awiri otero, mutu ungakupwetekeni. Zoimbira za Wi-Fi mukaziika pagulu limodzi zimagwirizanitsa mawotchi ake, kusiyana kwake n'kuchepa moti khutu silikumva. Koma zimatero ngati zili za banja limodzi, kapena ngati zonse zimamva njira imodzi, monga Google Cast kapena AirPlay 2. AirPlay 2 ndi ya Apple, ndipo poti mafoni ambiri kuno ndi a Android, chizindikiro chimenecho pabokosi chisakukopeni. M'bale akakubweretserani Chromecast Audio kuchokera ku Joni, dziwani kuti Google inasiya kupanga kabokosi kameneka mu 2019, ndiye kupeza kachiwiri n'kovuta.

Kulumikiza kwake sikovuta. Ikani rauta pakati pa nyumba, pamalo okwera, osati m'kabati kapena kugunda malata. Ngati ili ndi netiweki ziwiri, sankhani ya 2.4 GHz, chifukwa ndiyo imadutsa bwino makoma a njerwa kuposa ya 5 GHz. Foni ndi zoimbira zonse zikhale pa netiweki yomweyo. Tsitsani pulogalamu ya kampaniyo pafoni, onjezani choimbira chimodzichimodzi, chipatseni dzina la chipinda, kenako muziike pagulu. Tsiku loyambali pamafunika intaneti. Golosale ikakhala patali ndi nyumba, kokani waya wa netiweki kuchokera pa rauta n'kuika rauta yachiwiri kumeneko. Waya wotere umagwira bwino mpaka mamita 100.

Ena amagwiritsa ntchito foni m'malo mwa rauta, koma vuto lija limabwerera: foni ikachoka, netiweki yapita. Ndi bwino rauta yolowa simu ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Inu a kumalire, ku Calómuè, ku Biri Biri ndi ku Zóbuè, chenjerani: simu imatha kugwira yokha netiweki ya ku Malawi, ya TNM kapena Airtel, ndipo ikatero mtengo wake ndi wa mlendo. Lowani m'makonzedwe a rauta, musankhe nokha netiweki ya kuno, muzimitsenso roaming.

Tsopano tiwerengetsere mamega. Wailesi zambiri za pa intaneti zimatumiza mawu pa liwiro la 128 kbps, zomwe zimadya mamega pafupifupi 58 pa ola. Maola asanu patsiku ndi mamega 290, ndipo pamwezi akuyandikira 9 GB. Zipinda zikamaimba chinthu chimodzi pagulu, zipangizo zambiri zimakoka nyimboyo kamodzi n'kugawana. Koma mayi akamamvera kwaya kukhitchini, anyamata akumvera zawo kugowelo, mamega akutha kawiri. Njira yopulumutsira ndi kusunga nyimbo zanu pakhomo pomwepo. Kakompyuta ka Raspberry Pi kokhala ndi pulogalamu yaulere ya Lyrion Music Server, imene kale inkatchedwa Logitech Media Server, kamatha kugawira zoimbira zogwirizana nako nyimbo za pa memori kadi popanda intaneti. Kungoti pamafunika munthu wodziwa makompyuta kuti akukonzereni.

Magetsi nawo ndi nkhani. Wailesi ya mabatire mukaizimitsa yatha, pamene rauta ndi zoimbira zinapangidwa kuti zizikhala zoyaka usana ndi usiku. Rauta ya mawati 10 yoyaka maola 24 imadya 240 Wh. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200 Wh, ndipo ngati ndi ya asidi simuyenera kutsitsa kuposa theka. Masiku a mitambo, rauta yokhayo ingamwe gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a moto umene mukanaunikira ndi kutchajira mafoni. Zimitsani pogona. Ngati muli pa sola, funani zipangizo za 5V kapena 12V zosafuna inveta, poti inveta nayo imadyako moto. Zogulidwa ku Malawi zimabwera ndi pulagi ya mano atatu a makona, pamene soketi zathu n'za mano obulungira; adaputa ndi yokwanira, chifukwa mphamvu ya magetsi ndi yofanana. Zochokera ku America muyambe mwawerenga ngati palembedwa 100–240V.

Kunena zoona, pakhomo pamene zipinda zayandikana, ampulifaya imodzi ndi waya wopita ku masipika awiri zimagwira ntchito yomweyo pamtengo wotsika, ndipo mawu sasemphana. Chosamala ndi nambala ya ma ohm yolembedwa kumbuyo. Masipika awiri a 8 ohm mukawamanga pa mawaya amodzi amatsika kufika pa 4, atatu amatsika kupitirira 3, ndipo ampulifaya zambiri zazing'ono zimatentha mpaka kupsa zikafika pamenepo. Wi-Fi imayamba kupindula pamene nyumba zatalikirana, kapena pamene aliyense akufuna kusankha zake. Koma ngati chimene mukufuna ndi nkhani, zanyengo ndi mitengo ya mbewu, mawailesi awiri a FM otsegulidwa pa siteshoni imodzi amalankhula nthawi yofanana ndendende, osadya mega ngakhale imodzi.