Dziwani chikopa musanachidule

Ukayenda m'Limbe, ku Ndirande kapena kumsika wa Tsoka ku Lilongwe, supita patali usanakumane ndi mnyamata kapena mtsikana amene wapachika malamba, tizikwama ta ndalama ndi masandasi osoka yekha. Ena ndi ana asukulu amene anayamba ntchitoyi pongotayitsa nthawi paholide, kenaka anzawo n'kuyamba kuwafunsa mtengo. Inenso ndimasoka zikopa Loweruka ndi Lamulungu, tsono anthu oterewa akamva choncho amandiimitsa panjira ndi madandaulo awo. Wina lamba wake watanuka, wina m'mphepete mwa chikwama mukukana kusalala, wina guluu wamatuka sabata isanathe. Onse amamalizira mawu amodzi: "Achimwene, vuto ndi zipangizo. Tikanakhala ndi zakunja zija..."

Ine ndimakana. Zipangizo n'zofunika inde, koma madandaulo ambiri amene ndimamva gwero lake n'lakuti munthu wadula ndi kusoka chinthu chimene sakuchidziwa. Ambirife chikopa timachipeza pa kaunjika: timagula majekete, zikwama zikuluzikulu ndi nsapato zazitali n'kukamasula kunyumba. Palibe cholakwika pamenepo. Koma m'belo limodzi mumatuluka zinthu zitatu zosiyana, ndipo wogulitsa zonsezo amazitchula chikopa.

Choyamba ndi pulasitiki womatidwa pansalu. Ameneyu ndiye amawala kuposa onse, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tembenuzani muone kuseri kwake kapena podulidwa. Mukaona nsalu yolukidwa bwinobwino, bwezani pamulu. Chikopa chenicheni kuseri kwake kumakhala timinyewa tosokonekera ngati ubweya. Ngati mukukayikabe, dulani kachidutswa kochepa mukayatse ndi machesi. Pulasitiki amasungunuka n'kumadontha, fungo lake ngati jumbo yopsa, pamene chikopa chimangopserera n'kumanunkha ngati tsitsi lowauka. Chikwama cha pulasitiki ngakhale mutachisoka mwaluso lotani chidzasupuka ndithu, ndipo kasitomala sadzadandaula za belo, adzadandaula za inu.

Zinazo ziwiri ndi zikopa zenizeni, kusiyana kwake kuli pa kafufutidwe. Pafupifupi zikopa 8 mwa 10 zilizonse padziko lapansi zimafufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira imene inayamba kufala Augustus Schultz wa ku America atalembetsa luso lake mu 1884. Mafakitale amaikonda poti ntchito imatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Chikopa chake chimakhala chofewa, sichimwa madzi msanga, ndipo nthawi zambiri mukachidula pakati pake pamaoneka kamzere kotuwa kobiriwirako. Mukawotcha kachidutswa, phulusa lake limakhalanso lobiriwirako. Majekete ndi zikwama za amayi pafupifupi zonse ndi zamtunduwu.

Njira ina ndi yakale ija yonyika chikopa m'madzi a makungwa kwa masabata kapenanso miyezi. Mtengo wotchuka pa ntchitoyi kuno kwathu ku Africa ndi wattle, umene kwawo ndi ku Australia koma umalimidwa kwambiri ku KwaZulu-Natal ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania. Chikopa cha makungwa chimakhala cholimba, chofiirira mpaka m'kati. Mukadonthezapo madzi pamalo opanda polishi chimamwa n'kuderako, ndipo mukadindapo chikhadabo chili chonyowa chidindocho sichichoka. Pa kaunjika mumachipeza m'malamba okhuthala, m'zikwama zouma za mabuku ndi m'zingwe za zikwama zina.

Tsono tiyeni ku dandaulo la m'mphepete lija. Chikopa cha makungwa mukachidula, palani m'mphepetemo ndi sandipepa, nyowetsani pang'ono ndi chala, kenaka pekesani mwamphamvu ndi kansalu ka jinzi mpaka mutenthe. Mudzaona mukuwala ngati munapakidwa vanishi. Malizani ndi phula la njuchi. Koma yesani zomwezo pa chikopa cha chrome: mupekesa mpaka tambala woyamba, chala chichita matuza, chikopa chikungokuyang'anani. Mtundu umenewu sulola basi. Mankhwala ake n'kusenga m'mphepete chakuseri ndi mpeni wakuthwa kuti mupyapyale, n'kupinda, n'kumata, n'kusoka. Posenga gonekani mpeni ndipo muziusuntha chammbali ngati mukudula tomato wakupsa. Mpeni ukayamba kukoka chikopa, lekani kukankha, kanoleni.

Nkhani ya lamba ndiyo imadya ndalama za anthu kwambiri. Chikopa cha ng'ombe sichifanana paliponse. Kumsana n'kothinana, kumimba n'kotayirira poti mimba ya ng'ombe imafufuma ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake odziwa amadula lamba motsata msana, chikopa chake chokhuthala mamilimita 3 kapena 4. Nanga inu amene muli ndi chidutswa cha jekete, mudziwa bwanji kumene kunali msana? Chikokeni mbali zonse ziwiri, ndipo dulani motsata mbali imene ikukana kutanuka. Komabe chikopa cha jekete chimakhala milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, pachokha sichingagwire thalauza la munthu wamimba yake. Matani ziwiri, pakati muikepo nsalu yolimba yonga ya tenti, musoke mbali zonse. Ntchito yachuluka eti? Ndiye muiike pamtengo, osachita manyazi.

Pamuyezo musafunse kasitomala kuti m'chiuno mwake ndi mainchesi angati, poti abambo ambiri amatchula nambala ya chaka chimene anakwatira. Pemphani lamba amene wavala, muyeze kuchokera pamene papindikira chitsulo mpaka pabowo limene latha ndi ntchito. Limenelo likhale bowo lapakati pa mabowo asanu, otalikirana masentimita 2.5.

Za guluu sindichedwapo. Mbali yosalala ya chikopa sigwira guluu, makamaka cha pa kaunjika chimene chamwa polishi zaka zambiri. Pukutani ndi sipiriti, palani ndi sandipepa pokhapo pomata, pakani guluu wa nsapato mopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 10 kapena 15 mpaka asiye kumata chala, kenaka phatikizani n'kumenya ndi nyundo. Chitirani pakhonde, fungo lake silabwino kumutu. Ndipo guluu ntchito yake n'kugwirizira kuti musoke bwino, chimene chimanyamula katundu ndi ulusi.

Pakusoka ine ndili ndi mbali yanga, ndipo anzanga osoka nsapato pansi pa mtengo andikhululukire. Kasokedwe kawo ka singano yangowe n'kachangu, koma ulusi ukaduka pamalo amodzi msoko umatha kumasuka mtunda wautali, monga umachitira wa makina. Pa chikwama ndi lamba ndimakonda singano ziwiri pa ulusi umodzi, ina kuno ina uko, zonse kudutsa bowo limodzi. Ulusi wina ukaduka, unzake umagwirabe. Dulani ulusi wotalika kanayi kuposa msoko wanu, muupake phula kuti usapotane. Choboolera mungapange nokha ndi sipoko ya njinga, koma nsonga yake muinole mophwatalala, yakuthwa mbali ziwiri, kuti izicheka kabowo kopendekeka. Nsonga yozungulira ngati msomali imaphulitsa chikopa.

Poika zizindikiro za mabowo, foloko yodyera ija imathandiza: dindani, kenaka ikani dzino loyamba pachizindikiro chomaliza, n'kudindanso. Mabowo atalikirane mamilimita 3 kapena 4, ndipo atalikirenso m'mphepete chimodzimodzi. Akathinana kwambiri chikopa chimang'ambika motsata msoko ngati pepala la m'buku la malisiti. Msoko wokhotakhota umene umakwiyitsa ongoyamba kumene kawirikawiri umadza chifukwa chosinthasintha dzanja. Ngati mwayamba ndi singano yakumanja, ndipo yakumanzere ikudutsa pansi pa ulusi, zikhale choncho bowo lililonse mpaka kumapeto. Pomaliza bwererani mabowo awiri kapena atatu, dulani, muwotche nsonga ya nayiloni ndi machesi.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa anthu mpaka kuganizirana ufiti. Munthu wanyowetsa chikopa cha makungwa, wasiya msomali kapena mpeni pamwamba pake, pobwera apeza banga lakuda bii, ndipo sopo sakulichotsa. Kachemistry kochepa kamene ndinatola ndisanasiyire yunivesite panjira kakuti chitsulo chikakumana ndi mankhwala a m'makungwa aja chimabala utoto wakuda. Azungu ankapanga inki yolembera mwanjira yomweyi kwa zaka mazanamazana. Choncho chitsulo chikhale kutali ndi chikopa chonyowa. Koma mukafuna lamba wakuda, vuto lomweli limasanduka mwayi. Ikani steel wool wotsukira mapoto, uja amachita dzimbiri msanga, m'botolo la viniga, chivindikiro osamanga kwambiri poti mumatuluka mpweya. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri sefani n'kupaka pachikopa. Chikada, tsukuluzani mwachangu m'madzi othira soda wophikira pang'ono, kenaka m'madzi wamba, chiume pamthunzi, n'kupaka dubbin. Kuda kumeneku kuli m'kati mwa chikopa, sikudetsa shati yoyera ya kasitomala monga umachitira utoto wina wogula. Pa chikopa cha chrome musavutike, sizigwira.

Mvula ikayamba mu Disembala katundu wosungidwa amachita chuku. Sakanizani viniga ndi madzi mofanana, pukutani ndi kansalu, muyanike pamthunzi podutsa mphepo. Pafupi ndi mbaula ayi, chikopa chouma ndi moto chimasweka ndipo sichibwereranso. Musasunge m'majumbo omanga. Mafuta ophikira amene ena amapaka pofuna kufewetsa amadzavunda n'kununkha, komanso amaitana makoswe ndi mphemvu. Dubbin kapena polishi wopanda mtundu, pang'ono pokha, akwanira. Inu ogulitsa panja dziwaninso kuti chikopa cha makungwa chimadera padzuwa ngati munthu. Lamba akakhala mwezi atapachikidwa ndi kapepala ka mtengo, pochotsa kapepalako padzatsala chilembo choyera. Muzitembenuza katundu.

Nthawi ya Khirisimasi ndi ya Eid mbuzi zimaphedwa zambiri, ndipo pamakhala wina amene amatola zikopa poganiza kuti wapeza katundu waulere. Amachikhomera pansi ndi zikhomo, chiuma padzuwa, n'kumati wafufuta. Ayi ndithu, chimenecho n'chikopa chachiwisi chouma. Chimachita bwino pang'oma, koma chikwama chake chikanyowa chimafewa n'kuyamba kununkha, chikauma chimagwa ngati thabwa. Ngati mukufuna kuchisunga mpaka mutapeza wodziwa kufufuta, palani mafuta ndi nyama zonse tsiku lomwelo, thirani mchere wambiri mbali yamnofu, muchisiye pamthunzi chikhe madzi. Mukachedwa tsiku limodzi kunja kukutentha, ubweya umayamba kusosoka, ndiye kuti kuwola kwalowa kale.

Chikopa cha chiweto chofa chokha musachilandire, ngakhale atakupatsani ulere ndi ndalama ya minibasi pamwamba. Tizilombo ta matenda a anthrax timakhala ndi moyo m'chikopa chouma kwa zaka zambiri, mchere ndi dzuwa sizitipha, ndipo timalowa pakabala kakang'ono kapachala, kamene munthu wogwira mpeni ndi singano sakasowa.