Liwu la Chingerezi Lakuti "Bright"

Inu amene mwatsiriza sukulu ya kwacha, tsopano mukutha kuwerenga kalata m'Chichewa popanda wokuthandizani. Koma mukalowa m'sitolo mupeza kuti zolembedwa pa katundu zambiri zili m'Chingerezi. Musataye mtima. Kuti mugule bwino sikulira kudziwa Chingerezi chonse ayi. Mawu owerengeka okha akhoza kukupulumutsirani ndalama. Lero tiyeni tiphunzire liwu limodzi lakuti "bright".

Liwuli lili ndi zilembo 6: b, r, i, g, h, t. Potchula timati "braiti". Mwaona kuti g ndi h sizikumveka? Musadabwe. M'Chichewa chilembo chimene talemba timachitchula, koma Chingerezi sichitero. Zaka mazana angapo zapitazo Angerezi ankatchula zilembo ziwirizi ndi liwu lochokera kummero. Pambuyo pake anasiya, koma kalembedwe kanatsala momwemo. Chimodzimodzinso ndi "night", usiku, ndi "light", nyali kapena kuwala.

Nanga tanthauzo lake n'chiyani? "Bright" ndi chinthu chowala kwambiri, chowala mwamphamvu. Ife timati kunja kwacha ngwee, kapena mwezi ukuwala mbee. Ndi ngwee yemweyo amene anzathu a ku Zambia anatcha ndalama yao yaing'ono mu 1968, ngwee 100 kupanga kwacha imodzi.

Apa chenjerani, pakuti ambiri amasokoneza "light" ndi "bright". "Light" ndi nyaliyo, kapena kuwala kumene ikutulutsa. "Bright" likutiuza mphamvu ya kuwalako. Taganizani za koloboyi. Koloboyi ndi "light" ndithu, koma si "bright", chifukwa mwana akamawerenga pa koloboyi amachita kuyandikiza buku kumaso. Kuwala kofooka kotero Angerezi amati "dim". Nyali ya galasi imawala kuposa koloboyi, ndiye amati ndi "brighter". Dzuwa la masana limaposa zonsezi, ndilo "brightest". Mwaona mmene liwu likukulira kumapeto? Mukaona "brightness", ndiko kuwala kwenikweniko, kuchuluka kwake kapena kuchepa kwake.

Tsopano tipite kusitolo kukagula babu la magetsi kapena nyali ya sola. Pa katoni mupeza mawu onga "extra bright" kapena "super bright". Amenewa ndi mawu a malonda chabe, oti kuwala koposa. Palibe wogulitsa amene angalembe kuti nyali yake njofooka! Choncho musakhulupirire mawu okhawo, funani nambala. Pa katoni pamakhala nambala ziwiri. Ina imatsatidwa ndi chilembo W, ndiwo mawati. Mawati satiuza za kuwala, amatiuza magetsi amene babulo limadya. Nambala inayo imatsatidwa ndi zilembo lm, kapena liwu lakuti "lumens". Imeneyi ndiyo muyeso wa "brightness". Nambala ikakula, kuwalanso kwakula.

Tamverani chitsanzo ichi. Babu lakale lija, la kawaya mkati, la 60 W, linkatulutsa kuwala kwa pafupifupi 800 lm. Babu la masiku ano lotchedwa LED limatulutsa 800 lm yomweyo ndi mawati 9 kapena 10 okha. M'nyumba mukuwala chimodzimodzi, koma mayuniti a magetsi akutha pang'onopang'ono. Munthu wosadziwa amaona 9 W n'kunena kuti, "Aka n'kofooka, ndipatseni la 60." Watenga lodya magetsi ambiri, pamene kuwala n'kumodzimodzi. Pogula nyali ya sola chitaninso chomwecho. Ikani makatoni awiri pamodzi, muone nambala ya lm, kenaka mufunse mtengo.

Ngati muli ndi foni, liwuli lilinso m'thumba mwanu. Pa mafoni ambiri mukatsegula pamene alemba "Settings", kenaka "Display", mupeza "Brightness", ndipo pambali pake pamakhala kachithunzi ka dzuwa. Mukakweza, galasi la foni limawala kwambiri ndipo batire limatha msanga. Mukatsitsa, moto umakhalitsa. Kwa inu amene mumayenda mtunda kukatchajitsa foni pamsika, n'kulipiranso, nkhani imeneyi si yaing'ono. Kwezani mukakhala padzuwa, tsitsani mukalowa m'nyumba.

Liwu lomweli amanenanso kwa munthu. Mwana akabwera ndi lipoti la kusukulu, aphunzitsi atalemba kuti "a bright pupil", sakunena za khungu lake kapena zovala zake. Akuti mwanayo ngwanzeru, mutu wake umagwira msanga. Mumuyamikire. N'chifukwa chake makolo ena amatcha mwana wao dzina loti Bright. Ngakhale maina akuti Albert ndi Robert, kumapeto kwake kuja, "bert", kunachokera ku liwu lakale la tanthauzo lomweli. Pa nsalu namonso, "bright colours" ndi mitundu yowala, yoonekera patali, monga chitenje chatsopano chofiira kapena chachikasu.

Pali malo amodzi pamene liwuli lifunika kuliwerenga ndi maso awiri. Pa mabotolo ena a mafuta odzola amalemba "skin brightening". "Skin" ndi khungu. Mawuwa amamveka okoma, koma kawirikawiri mafuta otere ndi aja oyeretsa khungu. Ena mwa iwo amakhala ndi mankhwala otchedwa "mercury" kapena "hydroquinone". Mankhwala amenewa amaononga khungu munthu akadzola nthawi yaitali, ndipo "mercury" amaononganso impso. Mayi, bambo, mukaona mawuwa pa botolo, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Ngati maina awiriwa alipo, kapena ngati sanalembe n'komwe zimene zili mkati, libwezeni pa shelefu. Mukakayika, kafunseni kuchipatala.

Tsopano tengani pensulo ndi kope lanu. Lembani "bright" kasanu, osaiwala g ndi h zosamveka zija. Pansi pake lembani "dim". Kenaka funani katoni ya babu kapena ya tochi m'nyumba mwanu kapena kwa anansi, mukopere nambala ya W ndi ya lm. Mubwere nazo tsiku limene mukumana ndi anzanu a m'kalasi, mudzaone kuti nyali yowala koposa ili kwa yani.