Kodi Chithunzi N'kukhala Chuma?

Nkhani ya lero yachokera m'kalata ya mphunzitsi wina wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Iye akuti mnyamata amene anamphunzitsa kale tsopano amajambula zithunzi ndi utoto, ndipo wajambula asodzi ali m'bwato pa Shire dzuŵa likuloŵa. Mphunzitsiyo ali ndi kandalama kamene anasungira mbuzi. Funso lake ndi ili: akagula chithunzicho m'malo mwa mbuzi, kodi adzapindula m'tsogolo?

Funsoli si lachibwana ai. Anthu a m'chigwa cha Shire anazoloŵera kusunga chuma m'ziŵeto, podziŵa kuti ndalama ya m'thumba siikhalitsa. Mu Meyi 1922 munalibe amene ankadandaula za kwacha, pakuti kunalibe. Koma ife amene tinaiona ikutsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, tikumvetsa chifukwa chake munthu afuna kusandutsa ndalama yake kukhala chinthu chogwirika.

Ndi zoona kuti chithunzi chikhoza kukwera mtengo. Ku Tanzania kunali bambo wina dzina lake Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba kujambula nyama ndi mbalame mu 1968 mumzinda wa Dar es Salaam. Utoto wake unali wopakira njinga, ndipo ankajambula pa tizidutswa ta matabwa a kudenga, nagulitsa motchipa kwa alendo. Anafa mu 1972 ataomberedwa ndi apolisi, atajambula zaka zinai zokha. Lero kajambulidwe kameneko kamatchedwa ndi dzina lake, ndipo zimene anajambula ndi dzanja lake zimafunidwa kwambiri ndi osunga zaluso. Kwa anansi athu a ku Mozambique kunali Malangatana Ngwenya, amene ali mnyamata ankatola mipira pabwalo la tenesi ku Lourenço Marques. Anaonetsa zithunzi zake payekha koyamba mu 1961, ndipo pomwalira mu 2011 anali wodziŵika m'maiko ambiri.

Koma tisathamange. Timakumbukira aŵiriŵa chifukwa anatchuka. Anzao ochuluka amene anayamba nao limodzi anataya burashi, nakafuna ntchito ina, ndipo zithunzi zao palibe amene amazifunsa. Mbuzi imabereka, ndipo mwana akadwala mumaitengera kumsika tsiku lomwelo nimubwerako ndi ndalama. Chithunzi sichibereka. Mtengo wake umakwera pokhapokha mwini wake akapitiriza kujambula, dzina lake likamveka, ndipo pakapezeka wina wochifuna. Nanga ku Bangula kapena ku Marka wochifunayo ndani? Ogula ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena ndi alendo odzaona nyama ku Majete ndi ku Lengwe.

Tsono chimene mukugula kwenikweni ndi dzina la munthu, ndipo muyenera kumuyang'anitsitsa munthuyo. Kodi amajambula tsiku ndi tsiku, kapena pokhapokha akasoŵa ya sopo? Kodi ali ndi diso lakelake? Njovu ija yofanana ndi njovu zina zikwi zimene zandandalikidwa m'mbali mwa miseu ndi yokongoletsera nyumba chabe. Koma amene wajambula amai akutola thonje, kapena anthu akuoloka pa bwato kupita kutsidya la kum'maŵa kwa Shire, monga momwe iye yekha anawaonera, wapanga chinthu chimene kulibe kwina. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anasonyeza kuti wosema wa kumudzi akapeza pophunzirira ndi poonetsera ntchito yake, dzina lake limafika kutali. Mfunseni mnyamata wanuyo ngati ali ndi maganizo otulutsa ntchito zake kunja kwa Ngabu.

Mukagula, alembe dzina lake ndi chaka pachithunzipo, akupatseninso kakalata kotchula mtengo ndi tsiku. Popanda zimenezi, zaka makumi aŵiri zikadzapita adzakukhulupirirani ndani? Pa zosema chenjerani ndi mtengo wake. Ine ndemwe, ndili mphunzitsi watsopano, ndinagula mutu wa nkhalamba wakuda bii, wogulitsa atalumbira kuti ndi phingo. Nditaupukuta ndi kansalu konyowa, kansaluko kanada ndi polishi ya nsapato. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Phingo weniweni ndi wolemera m'dzanja, wakuda mpaka m'kati, ndipo kaŵirikaŵiri amakhala ndi kachigawo koyera kumbali.

Kusunga ndiye nkhondo ina, makamaka kuchigwa kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Dzuŵa limafwifwitsa utoto, utsi wa m'khitchini umaudetsa, chiswe chimadya felemu kuchokera kukhoma. Amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sasoŵa kuuzidwa kuti chinthu chamtengo chimapachikidwa pamwamba, pamalo poti n'kuchitsitsa msanga.

Pali chizoloŵezi china chimene sindigwirizana nacho, cha kunenerera mpaka wojambula atsale ndi ya utoto yokha. Wogula wotere akudula nthambi imene wakhalapo, pakuti mnyamata uja akaona kuti luso silimdyetsa adzapita kukadula nzimbe ku Nchalo, ndipo chithunzi chija chidzakhala cha munthu wosadziŵika mpaka kale. Dziŵaninso kuti malinga ndi lamulo loteteza eni luso la 2016, kugula chithunzi sikukupatsani ufulu wochisindikiza pa makalendala kapena pa malaya ogulitsa popanda chilolezo cha mwini wake.

Kwa inu aphunzitsi a ku Ngabu, yankho langa ndi ili. Ngati ndalamayo ndi imene mudzadalire pa fizi ya ana kapena pa chimanga cha mu Febuluwale, gulani mbuzi. Ngati ndi yapadera, ndipo asodzi ajaŵa mungakonde kumawaona pakhoma lanu ngakhale asadzakwere mtengo ndi tambala imodzi, pitani kwa mnyamatayo, mumlipire mtengo umene watchula, ndipo asaiŵale kusaina.