Wansembe amene anakana kubisa matenda ake

M'chaka cha 1991 mphunzitsi wina wachinyamata wa pasukulu ya ubusa ya Bishop Tucker, ku Mukono m'dziko la Uganda, anaika m'manda mkazi wake amene anangodwala kanthawi kochepa. Anatsala ndi mwana wamng'ono m'manja. Patapita miyezi anamva kuti magazi a malemuwo anapezeka ndi kachirombo ka HIV. Naye anapita kukayezetsa, ndipo mu 1992 anauzidwa kuti kachiromboko ali nako. Dzina lake ndi Gideon Byamugisha, wa mpingo wa Anglican.

Masiku amenewo uthenga wotere unali ngati kumuuza munthu kuti akonzeretu bokosi. Mankhwala otalikitsa moyo kunalibe m'zipatala za mu Africa. Choopsa china chinali m'tchalitchi momwemo, pakuti alaliki ambiri ankaphunzitsa kuti Edzi ndi chilango cha Mulungu kwa achiwerewere. Wodwala ankathawidwa ndi abale, mbale yake n'kupatulidwa, ndipo pamaliro pake anthu ankangonong'onezana. Nanga mphunzitsi wa abusa akanaimanso bwanji pamaso pa ophunzira ake?

Njira yapafupi inali kukhala chete mpaka imfa, monga anachitira atsogoleri ambiri a mipingo. A Byamugisha sanatero. Anayamba kuuza anzawo a pasukulupo, kenaka mpingo, ndipo amadziwika kuti ndi mtsogoleri wachipembedzo woyamba mu Africa kuulula poyera kuti ali ndi HIV.

Chikhulupiriro chimene anali nacho kale chinayesedwa pamoto. Munthu amene wakula akumva kuti wolungama sagwa m'tsoka, akagwa m'tsoka amatsala ndi njira ziwiri: kudziyesa wotembereredwa kapena kumtaya Mulungu. Iwo anapeza yachitatu. Anayamba kuphunzitsa kuti kachirombo sikafunsa ngati munthu ndi wopemphera, ndi kuti chimene chili chololedwa pamaso pa mpingo si nthawi zonse chimakhala chotetezeka ku matenda. Mkazi wokhulupirika angathe kutenga kachirombo m'banja lake lomwe lodalitsidwa kutchalitchi, khanda lingathe kubadwa nako. Pamenepo pali tchimo la yani? Funso lofanana nalo lili pa Yohane 9, pamene ophunzira anafuna kudziwa wochimwa pa nkhani ya munthu wobadwa wakhungu, Yesu n'kuwakanira kuti nkhani si imeneyo.

Mu 1998 matenda anawapanikiza. Thupi linatha, ndipo madokotala sankayembekezera kuti angakhale miyezi yambiri. Mankhwala a ma ARV anali atayamba kale kupulumutsa anthu ku Ulaya ndi ku America, koma mtengo wake unali pafupifupi madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka, ndalama zimene wansembe wa ku Uganda sakanaziona ngakhale kutulo. Bishopu wawo wa ku Namirembe, Samuel Ssekkadde, sanawabise kuseri kapena kuwapumitsa ntchito mwakachetechete. Anapempha thandizo poyera, ndipo anthu akufuna kwabwino a kunja anayamba kutumiza mankhwala. A Byamugisha anadzuka.

Apa m'pofunika kuima pang'ono. Akanabisa matenda awo mu 1992, bishopuyo sakanadziwa chopempha mu 1998. Ndipo pemphero la mpingo silinapikisane ndi mankhwala: linabwera nawo. Izi n'zosiyana kwambiri ndi zimene alangizi a zaumoyo amakumana nazo m'midzi, pamene wodwala amauzidwa ndi mlaliki kuti wachiritsidwa, ataye mabotolo ake, n'kubwerera kuchipatala patapita miyezi ali pamachira. Ma ARV sachotsa kachirombo m'thupi, amangokafooketsa kuti kasachulukane. Munthu akasiya kumwa kamadzukanso, ndipo nthawi zina sikamvanso mankhwala omwe aja.

Atachira, a Byamugisha anapatsidwa udindo wa Canon, ndipo pakati pa 2002 ndi 2003 iwo ndi anzawo anakhazikitsa bungwe la ANERELA+, losonkhanitsa atsogoleri a zipembedzo amene ali ndi HIV kapena amene mliriwu wawakhudza m'banja. Bungweli linakula n'kukhala INERELA+, ndipo ku Malawi kuli nthambi yake yotchedwa MANERELA+. Chiphunzitso chawo, chotchedwa SAVE, chimalimbikitsa makhalidwe odziteteza, kupeza mankhwala, kuyezetsa magazi mwakufuna kwa munthu ndi kupatsa anthu mphamvu zodzisankhira. Mu 2009 analandira mphoto ya mtendere ya Niwano ya ku Japan.

Zinthu zasintha chichokere masiku amenewo. Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2011 linayamba kupatsa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachirombo mankhwala a moyo wonse, kuti mwana abadwe wopanda. Zadziwikanso kuti amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Chimene sichinathe ndi manyazi. Alipobe akhristu amene amadutsa chipatala cha kwawo n'kukatengera mankhwala kutali, kulipira basi ndi ndalama ya feteleza, poopa kuonedwa pamzere ndi mkulu wa mpingo kapena mayi wa chigwirizano amene amakhala naye benchi imodzi Lamulungu.