Phiri ndi Nyanja M'nyengo ya Chilimwe

Chilimwe chikafika pachimake mu Okutobala, pamene fumbi la ku Chinsapo ndi ku Mgona limakuta madenga, ndipo dzuwa limaswa mtengo m'misewu ya ku Kawale, Biwi ndi Area 25, achinyamata ena amasonkherana ndalama ya minibasi nanyamuka mbandakucha kukakwera mapiri ozinga mzinda wa Lilongwe. Ena amalunjika ku Nkhoma, phiri limene patsinde pake amishoni a Dutch Reformed anakhazikitsapo mishoni mu 1896; ena ku Bunda, kumene okwera amakumana ndi anthu opemphera pathanthwe; ena ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, amene madzi ake amadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde natsikira m'mipope ya m'makwalala athu.

Okonda madzi amapita ku Senga Bay, ku Salima, kukapalasa kayak, kabwato kopepuka ka munthu mmodzi kapena awiri koyendetsedwa ndi nkhafi ya nsonga ziwiri. Ndipo wanzeru amavala jekete yoyandamitsa napalasa m'mawa, mphepo isanautse mafunde.

Ubwino wa kuyenda pagulu akulu anaunena kale, kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Pakuti wina akaterereka pamwala pali womugwira dzanja, wina madzi akamuthera pali womugawira. Ubwino wina wa maulendowa ndi wakuti amene waona ndi maso ake zitsa zosiyidwa ndi ootcha makala ku Dzalanyama sadzafunsanso chifukwa chake nkhalangoyo iyenera kutetezedwa.