Mwambo wa pamaliro utiphunzitse kuthandizana madzi akalowa m'nyumba

Uthenga wa maliro ukamveka m'mudzi, palibe amene amafunsa chochita. Amuna amanyamula makasu ndi nkhwangwa, amayi amasenza nkhuni ndi mitsuko ya madzi, adzukulu amalunjika kumanda amfumu akaloza malo, ndipo wina amakhala pansi ndi kabuku kulemba chipepeso. Koma madzi akalowa m'nyumba ya mnzathu usiku wa mu Januwale, ambiri timangofika m'mawa, kugwira pakamwa, kunena kuti pepani, n'kubwerera kwathu. Sikuti pa tsiku limenelo mitima yathu imauma ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti maliro ali ndi dongosolo limene makolo anatisiyira, pamene madzi osefukira amatipeza tisanagwirizane kanthu.

Chimene chimayendetsa maliro

Tikaunguza bwino, pamaliro pali zinthu zinayi. Uthenga umayenda msanga ndipo umadzera kwa amfumu. Ntchito zinagawidwa kalekale, kotero kuti aliyense amafika akudziwa yake. Chopereka chimalembedwa, kuti pasakhale manong'onong'o pambuyo pake. Chachinayi, ofedwa sagwira ntchito. Amaphikiridwa ndi kutungiridwa madzi ndi ena. Ngakhale chimbuya cha Angoni ndi Abemba, chimene alendo amachiona ngati nthabwala chabe, chili ndi ntchito yake: ambuyawo amaseketsa olira uku akugwira zolemetsa zimene abale sangazithe misozi ili m'maso. Akale anati maliro n'kulirana. Banja limene nyumba yawo yagwa ndi madzi likusowa zinthu zinayi zomwezi.

Madzi a m'dera lathu

Mvula ikagwa yambiri mu Lusaka, gawo lalikulu la madziwo limatsikira mumtsinje wa Ngwerere, umene umadutsa kufupi ndi Kasisi n'kukathira mu Chongwe. Choncho madzi angathe kukwera kuno ngakhale pamene kwathu kwangowaza. Amene anamanga m'mbali mwa mitsinje imeneyi, m'mbali mwa Chalimbana ndi pafupi ndi madambo, ndiwo oyamba kuona zovuta.

Abale athu a mumzinda akuzidziwa bwino zimenezi. Akuluakulu amakumbukira madzi amene anamiza Kanyama mu 1978, ndipo mu 2010 mabanja a m'makomboni osefukira anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Kumudzi chiwonongeko chake n'cha mtundu wina. Khoma la njerwa zosawotcha limamwa madzi kuyambira pansi, ndipo nthawi zambiri limagwa madzi ataphwa kale, anthu atabwerera m'nyumba. Nkhokwe ikanyowa, chakudya cha miyezi ya njala chapita. Chimbudzi chikasefukira, zonyansa zimalowa m'zitsime zosazama.

Apa m'pamene madzi ndi maliro zimakumana. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno. National Heroes Stadium inasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale 2024, ndipo omwalira ndi nthendayi ankaikidwa mwamsanga pamaso pa anthu ochepa okha. Mudzi wothandiza banja kukonza madzi akumwa tsiku loyamba ukudzipewetsa maliro a sabata yotsatira.

Ntchito za masiku oyamba

Monga pamaliro, ntchito zigawidwe. Gulu loyamba lipeze pogona. Ana, okalamba ndi amayi oyembekezera asagone m'nyumba imene makoma ake anyowa m'munsi kapena achita ming'alu. Agawidwe m'makomo a anansi kufikira makomawo atauma ndi kuonedwa ndi mmisiri.

Gulu lachiwiri lisamale za madzi ndi chakudya. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini motsatira muyeso wolembedwa pabotolo. Wina akayamba kutsegula m'mimba, sakanizani timasipuni 6 ta shuga ndi theka la kasipuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Banjalo liphikiridwe mosinthana, pakuti nkhuni zawo ndi ufa wawo zanyowa.

Gulu lachitatu lipulumutse za m'nkhokwe ndi za m'khola. Chimanga chonyowa chiyanikidwe msanga pamphasa kapena patenti, chopyapyala, n'kumachitembenuza. Chimene chachita nkhungu chisadyedwe, ndipo chisaperekedwe kwa nkhuku kapena nkhumba, chifukwa chuku amatulutsa poizoni amene kuphika sikumupha. Mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Mbuzi zisamutsidwire pamalo okwera ndi ouma, pakuti matope amaoletsa ziboda.

Pakhalenso mlembi, monga uja wa chipepeso. Iye alembe maina a pabanjapo, zimene zawonongeka, ndi zimene aliyense wabweretsa. Kalata imeneyi ipite kwa amfumu, kwa khansala ndi ku ofesi ya District Commissioner, kumene nkhani za ngozi zimadzera popita ku DMMU, nthambi ya ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Thandizo la boma lingachedwe, koma limayenda mosavuta pamene pali mndandanda womveka.

Munda sudikira olira

Pali malo amodzi pamene ngakhale mwambo wa maliro umaperewera. Tikaika thupi, timabalalika, ndipo pakatha masiku atatu pakhomo pamakhala zii. Koma maliro a m'dzinja amadya nthawi ya kupalira. Chimanga chimafuna munda woyera makamaka m'masabata asanu ndi limodzi oyamba chitamera. Udzu ukachipitirira pamenepo, zokolola zimatsika ngakhale mutapalira bwino pambuyo pake. Mayi wamasiye amene wakhala pansi masabata awiri, kapena banja limene lili kalikiliki kuumba khoma, amataya chakudya cha chaka chamawa mwakachetechete, popanda womva.

Mankhwala ake ndi akale: dima. Anthu khumi ndi makasu amatha m'mawa umodzi ntchito imene munthu mmodzi angaigwire sabata yathunthu. Kusiyana ndi dima wa masiku onse n'kwakuti mwinimunda asafulule thobwa kapena munkoyo. Obwera adzitengere okha. Tsiku lake lilengezedwe kumanda komweko anthu asanabalalike, monga momwe timalengezera chipepeso.

Ngati munda wakokoloka, inu amene munaphunzira za mbewu muli ndi gawo lalikulu. Mbewu imene inanyowa iyesedwe isanabzalidwe: ikani njere 100 pa saka lonyowa, muziwaza madzi, ndipo muwerenge pakatha masiku 7. Zikamera zosakwana 80, bzalani mothinitsa kapena funani ina. Kumapeto kwa Januwale nthawi ya chimanga imakhala itapita, koma khobwe, kayera ndi mbatata zimapsabe, ndipo dimba lingayambidwe madzi akaphwa. Chitini chimodzi cha khobwe chochokera pakhomo lililonse chimadzaza munda wa mnzathu.

Wamasiye amafunanso mboni. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limati munthu akamwalira wosasiya wilo, magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Lamuloli silikhudza malo a mafumu, choncho za munda zimagamulidwa m'mudzi. Anansi amene anaona banjalo likulima mundawo akakhalepo pa tsiku logawa katundu, ndipo alankhule, kuti ng'ombe, pulawo ndi munda zisachoke m'manja mwa ana.

Tigwirizane mitambo isanachite bii

Dongosolo silipangidwa madzi ali m'mawondo. M'mwezi wa Okutobala, pamene a Nkomeshya Mukamambo II amatsogolera Asoli pa mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula, ndi nthawi yabwino yoti kalabu ya alimi, gulu la mpingo kapena la chilimba likhale pansi. Musankhe wotumiza uthenga ndi mlembi. Mudziwe nyumba zimene zili m'zigwa ndi makomo amene adzalandire anthu ake. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama ali kale ndi kathumba ka mavuto. Mugwirizane kuti kathumbako kagwire ntchito pa nyumba yogwa monga momwe kamagwirira pa bokosi la maliro. Pambali pa ndalama, sungani mbewu yocha msanga m'chigubu chotseka bwino, pa khomo la pamtunda. Tsiku limodzi lipatulidwe lokumba ngalande kuzungulira nyumba za okalamba, kuundira dothi m'munsi mwa makoma, ndi kukweza nkhokwe.

Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Amene mukutsiriza maphunziro chaka chino, kafikitseni nkhaniyi kwa amfumu anu pa msonkhano woyamba, ndipo kabuku ka chipepeso kakhale ndi tsamba lachiwiri la madzi.