Mapira: mdani wakumunda ndi wina, wam'nkhokwe ndi wina

Ku Angonia munda ndi wa chimanga, kachewere ndi nyemba. Mapira amangopatsidwa mizere ingapo m'mphepete, oti amayi apezepo chimera cha thobwa ndi mowa. Koma mu 2017 mbozi zachilendo za ntchembere zandonda zinalowa m'Mozambique ndi kuboola chimanga, ndipo kuyambira pamenepo funso la mapira lakhala lalikulu. Mbozizi zimadyanso mapira, ngakhale kuti pamene pali chimanga zimathamangira kuchimangako. Nanga pali mtundu wa mapira umene tizilombo timaulephera?

Mtundu wogonjetsa tizilombo tonse palibe. Uliwonse uli ndi mdani amene umamupirira ndi wina amene umamugwadira.

Kumunda mdani wakale ndi kapuchi. Amalowa m'phesi mbewu ikadali yaing'ono n'kuumitsa nsonga. Chimanga chikatero nthawi zambiri chatha, koma mapira amatulutsa mphukira zina m'munsi, mwini munda n'kukololabe ngakhale mochedwa. Kapuchi wa kumapiri ozizira ngati a ku Domwe ndi Tsangano amagona m'mapesi ouma chilimwe chonse kudikira mvula. Choncho mapesi amene aimikidwa pampanda pafupi ndi munda ndi nyumba yake ya ulere. Akagonekedwa pansi padzuwa la October, mbozi zambiri zimafera momwemo.

Mbewu zamakono zilipo. Macia inatulutsidwa m'Mozambique mu 1987, ndipo kutsidya kwa malire ku Malawi kunabwera Pilira 1 ndi Pilira 2 m'zaka za m'ma 1990. Macia ndi yaifupi, yocha msanga, ya njere zoyera, ndipo nsima yake ndi yabwino. Vuto lake ndi mbalame. Mapira ofiira amakolo amakhala ndi kukhambira kumene mpheta sizikonda, pamene oyera alibe. Munthu akadzala yekha mtundu wocha msanga, mbalame za mudzi wonse zimasonkhana m'munda mwake, ana n'kumajomba kusukulu poingitsa. Mudzi ukapangana kudzala sabata imodzi, chiwonongeko chimagawanika.

Nkhondo yaikulu ili m'nkhokwe, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa posankha mbewu poyang'ana kukula kwa ngala kokha. Nankafumbwe amaboola njere, kuikiramo dzira, ndipo mwana wake amadya njereyo kuchokera m'kati. Njere yofewa sachedwa nayo. Kuyesa kwake sikulira ndalama: kuluma njere youma n'kuiyang'ana. Ikakhala yolimba ndi yonyezimira m'kati ngati chimanga chamakolo chokonola, idzasungika. Ikakhala yoyera mbuu ngati choko, ndiyo yoyamba kudyedwa pakhomo isanafumbwe. Mitundu imene makoko ake amafunditsa njere imatetezekanso bwino ikasungidwa m'ngala zake osapuntha.

Mabanja ambiri anataya mbewu zamakolo pa nthawi ya nkhondo, pamene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo atabwerera nkhondo itatha mu 1992 anadzala chilichonse chimene anapatsidwa. Kumene agogo anapulumutsako mtundu wakale, ndi bwino kupemphako kambale kamodzi ndi kuudzala pambali pa wamakono, kenaka kuyerekeza m'nkhokwe pofika December. Ngala za mbewu zimapachikidwa kudenga la kukhitchini kumene utsi umafika, ndipo zopuntha kale zimaumitsidwa mpaka kulira pa dzino, kenaka kusakaniza ndi phulusa losefa m'mbiya yotseka bwino.